Kodi wophunzira za kompyuta angapeze ntchito ya mapu m'boma?

Mnyamata wina wa kwa Santhe kuno ku Kasungu, amene ali m'chaka chachitatu cha maphunziro a za kompyuta, wandilembera kalata pa imelo kufunsa ngati luso lolemba mapulogalamu lingamupezetse ntchito, ngakhale ya patchuthi chabe, m'maofesi a boma okonza mapu ndi kufufuza za malo. Achimwene, ntchitoyo ilipo, koma kawirikawiri siilengezedwa m'nyuzipepala, ndipo amene amaipeza ndi uja wafika ali ndi kanthu kooneka kamene wapanga yekha.

Mapu a dziko lino amasungidwa ndi Dipatimenti ya Surveys, imene ili pansi pa unduna woona za malo. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba nayo imadalira mapu kwambiri, chifukwa kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni ndipo anachitika pa matabuleti, sakanatheka popanda kuyamba kugawa dziko lonse m'tizigawo ta owerenga anthu. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imafuna mapu pakagwa ngozi monga namondwe wa Freddy wa mu 2023, ndipo zambiri zotere zimaikidwa pa tsamba la MASDAP, limene aliyense angathe kulitsegula.

Koma musaganize kuti mukapita kumeneko mukalemba pulogalamu yaikulu. Ntchito ya wophunzira ndi kuyeretsa zimene ena anatolera kumidzi: mudzi umodzi wolembedwa m'njira zitatu, mjigo wa ku Chulu umene pa mapu ukuoneka uli mu Zambia chifukwa wina anaphonya nambala imodzi, sukulu yolowetsedwa kawiri. Pulogalamu yaifupi yolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha Python yotha kugwira zolakwika zoterezi imapulumutsa masabata a ntchito yamanja, ndipo mwa kuona kwanga imeneyi ndiyo nzeru imene imasowa kwambiri m'maofesimo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapunthwitsa ophunzira za kompyuta okhaokha. Mapu athu akale anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni yanu imagwiritsa ntchito muyeso wina wotchedwa WGS 84, ndipo mukasakaniza ziwirizi osasintha, malo amodzi amasuntha ndi mamita mazana angapo. Pa mapu a boma lonse la Kasungu kusiyanaku sikuoneka, koma pa malire a munda ndi mlandu wokafika kwa mfumu. Nkhaniyi yakula chifukwa lamulo la malo a makolo la 2016 limalola mabanja kulembetsa minda yawo, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene ntchitoyi inayesedwako poyamba. Choncho phunzirani zimenezi bwinobwino, mudziwenso kuti pa njira yogawira dziko lapansi m'zigawo za mapu yotchedwa UTM, dera lathu lili mu zone 36 ya kumwera.

Muli ndi mwayi wina pakhomo pomwe. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone pa bwalo la ndege la Kasungu, ndipo mu 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy ku Lilongwe, imene imaphunzitsa achinyamata kuulutsa ma drone ndi kusandutsa zithunzi zake kukhala mapu. Kuulutsako n'kumene kumakopa ambiri, koma ntchito yokhalitsa ili pa kompyuta zithunzizo zikatsika.

Tchuthi chikubwerachi ikani QGIS, pulogalamu yaulere yopangira mapu, muphunzire pang'ono PostGIS, yosungira zinthu za pa mapu mu database, kenako mujambule misewu, mijigo ndi sukulu za kwa Santhe pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kuwonjezerapo. Mukatero pemphani kalata ya attachment kwa mkulu wa dipatimenti yanu, mupite nayo pamodzi ndi mapu anuwo ku ofesi ya za malo kapena ya mapulani pa khonsolo ya Kasungu musanaganize za Lilongwe. Za malipiro mufunsiretu tsiku loyamba, chifukwa malo ambiri a ophunzira salipira, ndipo ndalama ya thiransipoti ndi ya nyumba muyenera kudziwa kumene ichokere musanavomere.