Kuchotsa Vaseline m'tsitsi la mwana popanda kulimeta

Mayi wina wandilembera imelo yondiuza kuti mwana wake wa zaka zitatu anadzipaka kumutu botolo lonse la Vaseline, ndipo ngakhale wamusambitsa katatu, tsitsi likunandabe. Akufunsa ngati kuli bwino kungolimeta.

Mayi, tsitsilo musalimete, chifukwa vuto silinali kuchepa kwa sopo koma kuyamba ndi madzi. Vaseline, amene Robert Chesebrough analandira chilolezo cha umwini wake mu 1872, amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka omwe amapangiranso petulo, ndipo ubwino wake pakhungu ndi woti amatchinga madzi. N'chifukwa chake mukanyowetsa kaye tsitsi, sopo amangoterereka pamwamba osawagwira mafutawo.

Choncho yambani tsitsi lili louma. Lipukuteni ndi kansalu kapena pepala lofewa, mukufinya pang'onopang'ono kuchokera m'tsinde kukafika kunsonga, kenako mulipese ndi chipeso cha mano otalikirana mpaka mafuta ambiri atachoka. Mukatero, pakani mafuta a azitona kapena ophikira, ndipo mudikire mphindi pafupifupi 10. Ndikudziwa kuti kuthira mafuta pa mafuta anzake kukuoneka ngati kuwonjezera vuto, koma apa m'pamene pagona nkhani yonse, pakuti mafuta amadzimadzi amasungunula olimbawo n'kuwapangitsa kuti asamamatirenso kutsitsi, moti mukapukutanso mudzaona kuti kansalu kakutenga ochuluka kuposa poyamba.

Tsopano thirani sopo wamadzi wotsukira mbale, tsitsi lisananyowe, ndipo mulitikite bwino mukusamala kuti sopoyo asalowe m'maso mwa mwanayo. Pomaliza tsukuluzani ndi madzi ofunda, osati otentha, popeza khungu la mwana silichedwa kupsa. Mwina mufunika kubwereza kawiri kapena katatu, koma ine ndimalangiza kuti zikapanda kutha tsiku loyamba mupitirize m'mawa mwake, chifukwa sopo ameneyu amaumitsa tsitsi ndi khungu. Mukamaliza, pakani mankhwala ofewetsa tsitsi.

Ena amawaza ufa wosalala wa chimanga kuti uyamwe mafutawo, ndipo umathandizadi, kungoti kwa mwana wamng'ono chonchi ndimaopa kuti angaupume.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'choti musayerekeze kugwiritsa ntchito palafini kapena petulo, ngakhale wina atakuuzani kuti amachotsa msanga, chifukwa amawononga khungu, ndi poizoni akalowa m'thupi, ndiponso tsitsi lonyowa nawo limayaka likangoyandikira moto.