Penshoni muziiwerenga m'matumba a chimanga

Bambo wina wa ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, wanditumizira imelo. Ali ndi zaka 55, kwatsala zaka zisanu kuti apume pantchito, ndipo amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Akufunsa ngati ndalama zimene adzalandire kamodzi popuma adzagulire minibasi yoyenda ku Ekwendeni kapena adzazisunge ku banki.

Bambo, musanafike pa minibasi, tengani pepala mulembe zimene pakhomo panu mumadya ndi kugwiritsa ntchito pamwezi: matumba a chimanga, makala, mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, mapiritsi. Mulembe kuchuluka kwake, osati mitengo, chifukwa mitengo imasintha kwacha ikagwa. Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali pantchito adadandaula, ena mabwana n'kuwawonjezerako pang'ono. Wopuma amakadandaula kwa ndani? Choncho mukapita ku kampani yosunga penshoni yanu, komwe kumapita 5 peresenti ija amakudulani pamalipiro ndi 10 peresenti ya abwana, mukafunse mosabisa ngati ndalama ya pamwezi idzakwera zinthu zikamakwera, kapena idzangokhala pomwepo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi BP yanuyo. Ngati khadi la MASM kapena sikimu ina yolipirira kuchipatala mudalipeza kudzera kuntchito, mufunse lero ngati lidzapitirire mukapuma, komanso kuti mudzalipira zingati panokha. Ambiri amazindikira atafika kale pawindo la chipatala. Kuchipatala cha boma n'kwaulere, koma mankhwala akasowa amangokulemberani m'buku kuti mukagule ku famase, ndipo mankhwala ambiri amachokera kunja, mtengo wake umatsatira dola.

Ndidaziona ndi malume anga. Adapuma bwinobwino, n'kugula minibasi yakale. Chaka chisanathe injini idafa, kondakitala n'kusowa ndi ndalama za sabata yonse. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira monga mudziwira Mzuzu, ndidawapeza pakhonde atafunda bulangete, akudula piritsi pakati ndi lezala kuti paketi ifike kumapeto kwa mwezi. Adotolo sadawauze kutero. Minibasi ija inali pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Sindikunena kuti minibasi ndi yoipa, alipo amene adamanga nayo nyumba, koma ndi anthu oti amalawirira okha ku depoti. Inu ndi BP mudzatha kulimbana ndi madalaivala?

Ndikadakhala inu, ndalama ya mankhwala a chaka chathunthu ndikadaipatula kaye, n'kuiika pomwe mungaitenge msanga koma achibale sangaidziwe. Maliro ndi fizi za adzukulu zimatha ndalama yotere mwakachetechete. Zotsalazo zisagone mu akaunti wamba, chifukwa chiwongoladzanja chake sichipikisana ndi mitengo ya pamsika. Mufunse ku banki za ma treasury bills, njira yobwereketsa boma ndalama kwa kanthawi n'kulandira chiwongoladzanja, kapena mulowe SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama. Banki mkhonde ndi yabwino pa tindalama tochepa, osati penshoni yonse.

Ngati muli ndi malo, timanyumba ta lendi ndi tabwino chifukwa lendi mumatha kukweza. Ana a Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, amasaka zipinda ku Luwinga chaka ndi chaka. Koma muyambe kuumba njerwa pano mukadali pamalipiro, musadikire tsiku lotsanzikana nanu kuntchito.

Simudatchule za mayi akunyumba. Nawonso akukula, ndipo pepala lija mulembe nawo limodzi, chifukwa ndi iwo akudziwa kuti thumba la makala limatha masiku angati.