Za ulendo wa pandege kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London

Mayi, mwafunsa kuti mwana wanu amene akupita kusukulu ku London akhala maola angati m'ndege, komanso chifukwa chimene maola olembedwa patikiti akuonekera ochepa poyerekeza ndi kutalika kwa ulendowo. Ndikuyankhani monga munthu amene ndinayendapo njira imeneyi kuchokera kuno ku Kasungu.

Kuchokera pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pabwalo la Heathrow pali mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000 mukayeza molunjika, koma pakadali pano palibe ndege yonyamula anthu imene imayenda molunjika chotero. Ambiri amadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines, ena ku Nairobi pa Kenya Airways. Popeza mwati tikiti yake ndi ya ku Addis Ababa, chigawo choyamba ndi makilomita pafupifupi 2,600, omwe ndege imatha m'maola osapitirira 4 ikapanda kutera pena, ndipo chachiwiri ndi makilomita pafupifupi 5,900, omwe amatenga maola pafupifupi 8. Ndege zikuluzikuluzi zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola, choncho m'mwambamo akhalamo maola 11 kapena 12.

Chimene chakusokonezani patikitipo n'chakuti nthawi iliyonse imalembedwa motsata wotchi ya dziko limene ndegeyo ikunyamukira kapena kutera. Ethiopia ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. London ili m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo imatsalira ndi maola awiri, chifukwa iwo amasintha mawotchi awo kawiri pachaka. Mwachitsanzo, tikiti ikati anyamuka ku Addis Ababa 1 koloko usiku n'kukatera 7 koloko m'mawa m'mwezi wa Seputembala, papepala akuoneka maola 6, pamene kwenikweni ndi 8, ndipo pamene akutera kuno ikhala ili 8 koloko.

Komatu chotopetsa kwambiri si kuuluka ayi, ndi kudikira. Pabwalo la Bole ku Addis Ababa munthu amakhala maola angapo usiku podikira ndege yachiwiri, ndipo popeza mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, usiku kumazizira ngati ku Dedza mu Juni. Ine ndinafika nditavala malaya opyapyala, juzi ndili nditatsekera m'chikwama chachikulu chimene sakupatsanso mpaka ku London, moti ndinachezera kunjenjemera pampando wachitsulo. Mumuuze aike juzi, chaja cha foni ndi mapepala onse a kusukulu m'kachikwama ka m'manja.

Muwerengenso msewu wathu wa M1. Bwalo la ndege lili mbali ya kuno, mukangopitirira Madisi ndi Mponela musanalowe mumzinda, komabe minibasi imaimaima podikira kudzaza, ndipo iye ayenera kufika pabwalopo kudakali maola atatu ndege isananyamuke. Mukaphatikiza zonsezi, kuchokera pakhomo panu mpaka kutuluka pa Heathrow padutsa pafupifupi tsiku lathunthu, usana ndi usiku.

Akatera musayembekezere foni nthawi yomweyo, chifukwa mzere wodinditsa pasipoti umatalika m'mawa, ndipo nthawi zina munthu amaimapo kupitirira ola asanakatenge katundu wake. Ikakwana 10 koloko kuno asanalembe pa WhatsApp, mtima usakhale m'mwamba, mwina akadali pamzerepo.