Kuwerenga mbalame m'paki ya Kasungu kukuzizira

Aphunzitsi ena a kalabu ya zachilengedwe atilembera imelo: "Tikufuna kukawerenga mbalame m'paki ya Kasungu mu Ogasiti. Tiyambire pati, nanga si mbalame sizikhala malo amodzi?"

Aphunzitsi, nyengo mwasankha bwino. Mitengo ya mombo imakhala itayoyola masamba, maso amafika patali. Kungoti mbalame zochokera ku Ulaya zimafika cha mu Okutobala, ndiye mukalemba eni mudzi okhaokha.

Mbalame sitiilondola, timaidikira. Sankhani malo oimapo khumi, otalikirana mamita 250, muwasunge pa GPS ya foni. Mukafika, khalani chete mphindi 2 kuti zomwe mwadzidzimutsa zibwerere, kenako werengani kwa mphindi 10 zonse zomwe mwaona kapena kumva mkati mwa mamita 50. Mmodzi aziona, wina azilemba, ena onse pakamwa tseke. Zongodutsa m'mwamba zilembedwe padera.

Yambani dzuwa likangotuluka, pofika 9 koloko mwaweruka. Kukazizira kwambiri mbalame zimayamba zaothera dzuwa pansonga za mitengo zitafufuma nthenga, osalira. Malo oyamba amaoneka ngati mulibe kanthu. Nchifukwa chake mubwereze katatu masiku osiyana, kamodzi muyambire kumapeto. Mwera ukawomba, ingobwererani: masamba ouma amatseka makutu.

Chovuta chenicheni ndi ichi. Nyengo ino mbalame za m'miombo zimayenda chigulu, mitundu yosiyana pamodzi, agogomole ndi tina ting'onoting'ono, mnthengu ali pakati. Mutha kuima malo atatu kuli zii, pachinayi gulu lonse n'kukugwerani. Lembani nthawi ndi komwe lalowera, apo ayi mukumana nalonso kutsogolo n'kuliwerenga kawiri. Mnthengu yemweyo ndi kathyali, amatsanzira kulira kwa anzake, choncho mawu achilendo osawalemba musanaone mwini wake. Kuliza mawu a mbalame pa foni kuti zibwere, ayi, kumasokoneza chiwerengero.

Osalowa wapansi popanda msilikali wa paki. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo munthu amene maso ali m'mwamba njovu saiona msanga. Zovala zakuda ndi zabuluu zimaitana kashembe, valani za khaki. Tengani pensulo ndi kope, poti batire ya foni imatha msanga kukazizira. Mbalame za ku damu la Lifupa, lomwe lili m'pakimo, zikhale ndi tsamba lakelake, osaziphatikiza ndi za m'thengo.