Kwa achemwali amene abwerera ku mpingo koma akudzimva ngati mlendo

Achemwali, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho amene anzathu apereka kale. Mwanena kuti munachoka mu mpingo kwa zaka zingapo, moyo umene munali nawo aliyense ankaudziwa, ndipo chaka chatha munabwerera, munalapa, akulu a mpingo anakubwezeretsani. Koma mpaka lero mukalowa m'tchalitchi mumangolandira moni wa pakamwa, mukafika pagulu nkhani zimatha, ndipo palibe amene anakuitananipo pa ntchito iliyonse. Ndiye mukufunsa ngati Mulungu anakulandiranidi, komanso ngati sizingakhale bwino kumangopemphera kunyumba.

Ambiri akuuzani kuti musayang'ane anthu, muyang'ane Mulungu. Ndikumva chimene akutanthauza, koma sindikugwirizana nawo kwenikweni, chifukwa mawu amenewa amachititsa ngati kuwawidwa mtima kwanu ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Munthu wobatizidwa akamalakalaka malo pakati pa abale, akulakalaka chinthu chimene Mulungu mwini anachikonza. Paulo analembera Akhristu a ku Roma kuti azilandirana monga momwe Khristu anawalandirira (Aroma 15:7). Limeneli ndi lamulo kwa mpingo wonse, ndipo pa nkhani yanu amene akulephera kulisunga ndi anzanuwo.

Za Mulungu musakayike. Yesu ananena poyera kuti wobwera kwa Iye sadzamutaya kunja (Yohane 6:37), ndipo sanaikepo nthawi yoti ayambe wamuyesa munthuyo. Tsegulani Luka 15, muyambire pa ndime ziwiri zoyambirira zimene anthu ambiri amazidumpha. Afarisi ndi alembi ankang'ung'udza kuti Yesu amalandira ochimwa n'kumadya nawo, ndipo mafanizo atatu a m'chaputalacho ndi yankho lake kwa iwo. Choncho fanizo la mwana wolowerera linanenedwa makamaka kwa anthu opemphera amene ankaipidwa poona ochimwa ayandikira. Mwana uja ali kutali anakonza mawu oti akanene: ndachimwa, sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, mundiyese mmodzi wa antchito anu. Atafika anayamba kuwanena, koma mawu omaliza aja oti akhale wantchito sanafike powatulutsa, bambo ake anali atayamba kale kuitanitsa mkanjo, mphete ndi nsapato. Ndikawerenga zimene mwalemba, zoti mumakhala pa mpando wakumbuyo n'kutuluka pemphero lomaliza lisanathe, ndikuona kuti mwavomera mumtima malo a wantchito uja. Atate wanu sanakupatseni malo amenewo. Mwana wamkulu ndi amene anakana kulowa m'nyumba, bambo mpaka anatuluka kukamudandaulira, ndipo Yesu anasiyira fanizolo pomwepo osanena ngati analowa.

Vuto limene mwakumana naloli ndi lakale ngati mpingo womwe. Saulo atatembenuka mtima n'kufika ku Yerusalemu, anayesa kudziphatika kwa ophunzira, koma onse ankamuopa, sankakhulupirira kuti analidi wophunzira (Machitidwe 9:26). Ambuye anali atamulandira kale panjira ya ku Damasiko, Hananiya anali atamutchula kale kuti m'bale, ubatizo anali nawo, komabe khomo la ku Yerusalemu linali lotseka. Tinene zoona, mantha awo anali ndi chifukwa: munthuyu ankalowa nyumba ndi nyumba kukoka amuna ndi akazi kupita nawo kundende. Analitsegula khomolo ndi munthu mmodzi, Barnaba, amene anamutenga n'kupita naye kwa atumwi, nawafotokozera zimene zinachitika. Patapita nthawi, ntchito itakula ku Antiokeya, Barnaba yemweyo anayenda ulendo mpaka ku Tariso kukamufunafuna, ndipo anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu. Poyamba anamuyankhulira, kenako anamupatsa ntchito. Pamenepo m'pamene Saulo anakhala wa m'nyumba.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene zinatsatira. Saulo yemweyu, amene ankatchedwanso Paulo ndipo anadziwa kuwawa kwa kukayikiridwa, anadzakana Yohane Marko chifukwa anawathawa pa ulendo woyamba ali ku Pamfuliya. Barnaba ankafuna kumupatsanso mwayi, Paulo anakanitsitsa, anakangana koopsa mpaka anasiyana njira (Machitidwe 15:36-40). Zaka zitapita, m'kalata yachiwiri kwa Timoteo, tikumva Paulo akupempha kuti amubweretsere Marko chifukwa amamuthandiza pa utumiki. Petro nayenso ku Antiokeya ankadya ndi Akhristu a mitundu ina, koma atabwera anthu ochokera kwa Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, Petro anayamba kudzipatula chifukwa cha mantha, mpaka Barnaba wathu uja anatengeka nazo. Paulo anamudzudzula Petro pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14). Sindikutchula zimenezi pofuna kuchepetsa atumwi. Ndikufuna muone kuti anthu okonda Mulungu moona angathe kuzizira kwa m'bale chifukwa choopa zonena za anthu, ndipo angathenso kusintha. Ena mwa amene amakupatsani moni wozizira sakudana nanu, akungoyang'ana kaye ngati wina ayambe.

Mbiri ya mpingo ilinso ndi nkhani yofanana ndi yanu. M'chaka cha 250 mfumu ya Aroma, Decius, inalamula kuti anthu a mu ufumu wake apereke nsembe kwa milungu n'kulandira kalata yotsimikizira kuti atero. Akhristu ena anakana mpaka kuphedwa, ena anamangidwa, koma ambiri anagonja: ena anaperekadi nsembe, ena anapeza kalatayo mwa njira zina. Chizunzo chitazirala, ogonjawo anabwerera akulira, akufuna kulowanso. Taganizani mmene zinalili kwa mkazi amene mwamuna wake anafera chikhulupiriro kuona mnansi amene anakana Khristu akufuna kukhala naye pa Mgonero umodzi. Ku Roma, mtsogoleri wina wa mpingo dzina lake Novatian anaphunzitsa kuti mpingo ulibe mphamvu yowabwezeretsa anthu otere, ndipo anapatuka ndi gulu lake. Cornelius, bishopu wa ku Roma, ndi Cyprian wa ku Carthage anaima pa mfundo yakuti olapa abwezeretsedwe, ngakhale kuti anawaikira nthawi yosonyeza kulapa kwawo. Msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea wa mu 325 utakhala pansi, unagamula kuti atsogoleri a gulu la Novatian ofuna kubwerera mu mpingo ayambe alonjeza molemba kuti adzayanjana ndi anthu amene anagwa pa chizunzo. Kuyambira kalekale, mpingo unaweruza kuti wokana kuyanjana ndi wolapa ndi amene wapatuka pa njira.

Paulo analemba zomwezo kwa Akorinto za munthu amene analangidwa ndi mpingo: chilango chakwana, tsopano mumukhululukire ndi kumutonthoza kuti asamizidwe ndi chisoni chochuluka, mumutsimikizire chikondi chanu (2 Akorinto 2:6-8). Onani kuti sanalekezere pa kukhululuka. Kuwerenga dzina la munthu kutsogolo kuti wabwezeretsedwa ndi chiyambi chabe, kutonthoza ndi kutsimikizira chikondi ndi ntchito ya miyezi, ndipo mipingo yambiri imaiwala gawo limeneli. Kwa ife tonse tili muno amene tili ndi maudindo, mawu amenewa akutiloza chala.

Tsopano za kupemphera kunyumba. Mulungu amamva pemphero la m'chipinda, zimenezo palibe wotsutsa. Koma ine ndikukupemphani kuti musasankhe njira imeneyo. Kunyumba simudzalandira Mgonero, simudzamva wina akukutchulani dzina m'pemphero, ndipo maganizo oti ndinu wosayenera amakula msanga munthu akakhala yekha. Pa 1 Akorinto 12 Paulo akuti phazi likanena kuti popeza si dzanja ndiye si la thupi, silisiya kukhala chiwalo cha thupi chifukwa cha mawu amenewo. Akutinso diso silingauze dzanja kuti silikulifuna. Inu mwayamba kunena mawu a phazi chifukwa ena akuchita ngati diso, koma onse awiri Paulo anawatsutsa. Paja akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo chibale cha mwa Khristu chinagulidwa ndi mwazi.

Ndikanakhala pafupi nanu ndikanakulimbikitsani kuti mupite kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo mmodzi amene mumamukhulupirira, mukanene zimene mwalemba muno monga momwe mwazilembera. Atsogoleri nthawi zambiri amaganiza kuti nkhani inatha tsiku lobwezeretsa, sadziwa zimene zikuchitika panja pa tchalitchi. Mukapemphenso ntchito, musadikire kuitanidwa. Isakhale ya kutsogolo ngati mtima sunakonzeke: kuyendera odwala, kukonza m'tchalitchi, kulowa kagulu kophunzira Baibulo pakati pa sabata. Pa chipembedzo cha Lamulungu anthu amaonana nkhope zokha, koma pa ntchito ndi pamene amadziwana. Ndipo muyang'ane bwino, pakati pa anthu onsewo payenera kuti pali wina amene moni wake umasiyana ndi wa ena. Ameneyo mumuyandikire, mumuuze kuti mukufuna mnzanu wopemphera naye. Saulo anayamba ndi mmodzi.

Pali chinanso chovuta kuchinena, koma ndichinene. Ngati pa nthawi imene munali kunja munalakwira munthu wa mu mpingomo, kaya ndi mawu kaya ndi zochita, kulapa pamaso pa akulu sikuchotsa kufunika kopita kwa iyeyo panokha. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda kanthu, ndipo anatero Yesu atalowa kale, osati pogula kulandiridwa. Mwina kuzizira kwina kukuchokera pa bala limene silinatsukidwe. Ngati palibe wotero, musadzipangire mlandu umene kulibe.

Nanga mukachita zonsezi koma osasintha kanthu? Mukapeza kuti atsogoleri eniake ndi amene amakukumbutsani zakale, kapena amakuuzani kuti munthu ngati inu sangagwire ntchito iliyonse mpaka kalekale, kusamukira mpingo wina si tchimo ndipo si kuthawa Khristu. Mungochoka masana, mutatsanzika, mutatenga kalata yanu ngati mpingo wanu umapereka, kuti kumene mukupitako mukafike ngati mlongo wodziwika. Paulo mwini analembera Aroma za Febe wa ku Kenkreya kuti amulandire mwa Ambuye ndi kumuthandiza pa chilichonse chimene angafune. Koma musafulumire kufika pamenepo musanayankhule ndi wina aliyense.

Lamulungu likubwerali mupite, ndipo chipembedzo chikatha musathamangire kutuluka. Mukakumana ndi abusa kapena mkulu wa mpingo uja, mudzatiuze muno mmene zayendera. Ine ndikukupemphererani, achemwali.