Ingot si njerwa, ngakhale zikufanana maonekedwe

Mwandilembera kufunsa ngati mawu a Chingerezi akuti ingot ndi brick ali ndi tanthauzo limodzi, poti golide wosungidwa kubanki amaoneka ngati njerwa. Ayi ndithu, ndipo zimandiwawa ndikamva omasulira nkhani akuti "njerwa ya golide".

Brick ndi njerwa: dothi lopondedwa, loumbidwa m'chikombole, loumitsidwa, kenako lootchedwa pa uvuni mpaka kutentha kufike madigiri pafupifupi 1,000. Ikapsa ndiye kuti yatha, ikudikira mmisiri ndi matope basi. Simungainyike m'madzi kuti ibwererenso kukhala dothi.

Ingot ndi chitsulo chimene achisungunula pa ng'anjo, n'kuchithira m'chikombole kuti chiume, kuti chisavute kusunga, kuyeza ndi kunyamula. Ntchito yake isanayambe n'komwe. Mawa achisungunulanso kapena kuchiphwanthitsa kuti apange waya, malata kapena mapoto. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, golide pa 1,064, mkuwa pa 1,085. M'mbali mwa chikombole mumakhala mopendekera dala, kuti chitsulo chikazizira chituluke mosakakamira. Ndipo chikombole chiziyamba chatenthetsedwa, chifukwa kadontho kamadzi kakakumana ndi chitsulo chosungunuka kamasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuthovutsira chitsulo chamotocho kumaso kwa wothira. Woumba njerwa amachita kunyowetsa chikombole chake. Kusiyana kwake kumayambira pomwepo.

Za maonekedwe musazidalire. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi m'dziko la Zambia, mu 1960 anafukula mkuwa woumbidwa ngati mtanda, umene amalonda akale ankasinthanitsa ndi katundu. Imeneyo ndi ingot yeniyeni, koma palibe angamangire khoma. Nayonso silikoni, imene amapangira masola, imayamba ili ingot, kenako amaidula timapande topyapyala.

Kulemeranso kumaulula. Ingot ya golide yovomerezeka pamsika wa London imalemera makilogalamu pafupifupi 12 ndi theka, chonsecho ndi yaing'ono poyerekeza ndi njerwa. Njerwa ya ku Britain, ya mamilimita 215 m'litali, 102.5 m'lifupi ndi 65 msinkhu, imalemera makilogalamu awiri kapena atatu. Ikanakhala ya golide ikanapitirira 27. Wokugulitsani "golide" wamkulu chotero atamunyamula ndi dzanja limodzi akukuberani.

Nanga tizinena bwanji?

Brick ndi njerwa, yootcha kapena chidina. Ingot nenani kuti chibuma cha golide, cha mkuwa kapena cha mtovu, mutchule chitsulo chake nthawi zonse.