Kodi kukonda mbalame ndi mapiri n'kupembedza zolengedwa?

Sabata yatha m'bale wina wa ku Namwera ananditumizira kalata pa imelo. Akuti Loweruka lililonse amadzuka m'bandakucha n'kukwera phiri kukaona mbalame, koma mkulu wa mpingo wawo wamudzudzula pagulu kuti wayamba kupembedza zolengedwa m'malo mwa Mlengi. Akufunsa ngati asiye. Achimwene, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu omwewo ndinauzidwapo ine, ndipo anandisokoneza zaka zambiri.

Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Bambo anga anali msodzi, munthu wosalankhulalankhula, wosadziwa kulemba bwino, koma Masalimo ankawaloweza pamtima. Ndikukumbukira m'mawa wina ndili ndi zaka 9, tili m'bwato, madzi ali zii ngati mafuta. Nkhwazi inalira pa mlambe wa kutsidya, kenako inatsika n'kuwakha nsomba pafupi kwenikweni ndi ife mpaka madzi anatithira kumaso. Bambo anasiya kupalasa, nkhafi ili m'mwamba ikudontha, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Waona? Nayonso yadya kwa Atate." Anangonena zomwezo n'kupitiriza ulendo. Tikavuula ukonde, kasawala ankamutola mmodzimmodzi ndi zala zawo zong'ambikang'ambika n'kumubwezera m'madzi, uku anzawo akuwaseka kuti akutaya ndiwo. Iwo ankati chambo cha mawa ndi chimenecho.

Ndili Fomu 2 tinapita ku Cape Maclear ndi a sukulu. Munthu wina anandibwereka magalasi osambirira, ndipo nditaviika nkhope m'madzi pafupi ndi chilumba cha Thumbi ndinangoti kakasi. Mbuna! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudompha ndere pamiyala osandiopa n'komwe. Mwana wa msodzi ine, amene ndinkadziona kuti nsomba ndimazidziwa, ndinali ndisanaonepo nsomba ili pakhomo pake. Ndinkangoiona ili m'ukonde kapena m'mbale. Pambuyo pake ndinadzamva kuti malowo ali mu paki ya nyanja ya Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba zomwezi, kuti mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndiponso kuti mitundu mazanamazana ya nsomba zimenezi sipezeka kwina kulikonse koma m'nyanja yathu ino. Tsiku lomwelo aphunzitsi anationetsa manda a amishoni. Anthu aja anafika pamenepo mu 1875 ndi sitima ya Ilala, Robert Laws ali m'gulumo, ndipo malungo atawasautsa anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881. Ndinaima pamandapo tsitsi lisanaume, mtima uli wodzaza moti ndinkafuna kuimba.

Nditabwerera ndinakachitira umboni ku felosipu. Ndinati ndaona ulemerero wa Mulungu pansi pa madzi. Mtsogoleri wathu, mnyamata wamoto amene ndinkamulemekeza kwambiri, ananditengera pambali n'kunditsegulira Aroma 1, pamene Paulo akunena za anthu otumikira cholengedwa kusiya Mlengi. Anati ndisamale ndi mizimu ya m'madzi. Ndinalira usiku umenewo. Ndinalapa tchimo limene sindinachite, ndipo kwa zaka ngati 10 ndinkatembenuza nkhope ndikaona dzuwa likutuluka panyanja, kuopa kuti mtima ungakondwere mopitirira.

Tsopano ndinene mosabisa: mnyamata uja analakwitsa, ndipo mkulu wa mpingo wanu walakwitsanso. M'chaputala chomwecho cha Aroma, mavesi ochepa chabe m'mwamba, Paulo akuti mphamvu ya Mulungu imaoneka m'zinthu zimene analenga. Tchimo limene akudzudzula ndi kugwadira chinthu, kuchipempha mvula, kuchithirira nsembe. Inu mukakwera phiri la ku Namwera kuja, mumathira ufa patsinde pa mtengo? Mumapempha mbalame kuti ikupatseni ntchito? Ngati ayi, vesilo si lanu. Ndikumvetsa kumene mantha amenewa amachokera. Makolo athu ankathiradi nsembe pamitengo ndi m'mapiri, ndipo Akhristu oyamba anavutika kuti asiyane nazo. Koma mantha aja tawakulitsa mpaka tabereka Akhristu amene sadziwa dzina la mtengo umene uli pabwalo la tchalitchi chawo, n'kumayesa kuti kusadziwako ndi chiyero.

Chimene chinandimasula ine ndi buku la Yobu. Bambo atamwalira ndinkaliwerenga usiku ndi tochi, ndikufuna yankho la chifukwa chake anthu abwino amavutika. Mulungu atayamba kuyankha Yobu pa chaputala 38, ndinkayembekeza chiphunzitso chozama. M'malo mwake akumufunsa za mkango ndi ana ake, za khwangwala, za nthawi imene zinkhoma zimaswa, za nthiwatiwa yosiya mazira pamchenga. Pa chaputala 40 ndi 41 Baibulo lathu la Chichewa likutchula mvuu ndi ng'ona, nyama zomwe ine ndakula ndikuzimva zikupuma m'bango usiku. Munthu wataya ana onse, thupi lili zilonda zokhazokha, ndipo Mulungu akumuuza kuti tayang'ana mvuu. Ndinatseka Baibulo n'kutuluka panja. M'mawa mwake ndinapita kudooko n'kukhala pansi mpaka dzuwa litakwera, koyamba pa zaka zonse zija.

Musandimve ngati mlendo wongobwera ndi kamera. Ng'ona inatenga mwana wa azakhali anga akutsuka mbale pa Shire, ndipo tinangopeza chitenje chokha. Anthu a ku Phirilongwe anagona m'minda zaka zambiri akulimbana ndi njovu, ena anafa, mpaka mu 2009 njovu 83 zinanyamulidwa pamagalimoto kupita ku Majete. Munthu amene chimanga chake chadyedwa usiku umodzi simungamuuze kuti njovu ndi yokongola, angakuthamangitseni ndi mpini, ndipo sindingamuimbe mlandu. Chilengedwe chikubuula, Paulo yemweyo ananena zimenezi pa Aroma 8, ndipo ife a m'mbali mwa madzi kubuulako timakumva pamaliro. Koma pamaliro a mwana uja, azakhali anga omwewo ndi amene anayambitsa nyimbo yotamanda Mlengi, ndipo mpaka lero sanasamuke pamtsinjepo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Tikudzudzula mnyamata woona mbalame, koma mapiri a Namizimu akumetedwa mpala ndipo matumba a makala amadutsa pamlatho wa Bakili Muluzi m'mawa uliwonse panjinga, ogula ake tili ife tomwe, madikoni ndi amayi a chigwirizano. Timakwera phiri kukasala kudya masiku atatu, potsika tikusiya majumbo ndi mabotolo ali mbwee, mitengo titadula yowothera moto. Ku Malombe kumene bambo ankadzaza bwato ndi chambo, lero anthu akukoka tiana ta nsomba ndi maneti oteteza udzudzu, ngakhale m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane. Lamulungu lake tikupempherera madalitso a nsomba. Sindinamvepo mkulu wa mpingo ataimika munthu pagulu chifukwa cha zimenezi. Chonsecho pa Deuteronomo 22 pali lamulo lakuti ukapeza chisa usatenge mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake, ndipo pa Genesis 2 munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamala. Umphawi ndikuudziwa, wowotcha makala ali ndi ana ofuna fizi. Koma guwa likakhala chete pa nkhani imeneyi n'kumakalipira woona mbalame, pamenepo ndiye pali tchimo loyenera kulapa.

Komanso tasiyira azungu ndi a mabungwe ntchito yathu. A African Parks anayamba kuyendetsa paki ya Liwonde mu 2015, mu 2018 anawonjezera nkhalango ya Mangochi yomwe ili pafupi ndi kwanuko, ndipo mikango inabwezeretsedwa ku Liwonde chaka chomwecho. Ana angati a Sande sukulu a m'boma lino la Mangochi anaionapo? Anansi athu achisilamu, amene ndi ochuluka kuno, amamwa madzi a nyanja yomweyi, ndipo m'makomiti a m'madooko ndaonapo mashehe akulankhula molimba za nsomba kuposa ife.

Nanga inu mutani, achimwene?

Musasiye. Koma musakangane nawo mkulu uja pagulu, ndi bambo anu mu mpingo. Pitani kunyumba kwawo madzulo, mukhale pansi, muwafotokozere zomwe mumachita kuphiriko ndi zomwe simuchita. Muwerenge nawo Salimo 104 lonse, ndiponso Mateyu 6 pamene Yesu akuuza anthu kuti ayang'ane mbalame. Mudzifunsenso moona mtima ngati phirilo layamba kukubani ku mapemphero kapena ku ntchito za pakhomo, chifukwa ngati ndi choncho ali ndi mfundo pang'ono ndipo mukonze. Kenako muwaitane Loweruka lina mukwere nawo limodzi. Akakana, tengani ana awiri atatu a Sande sukulu, makolo awo atavomera, ndipo munyamule thumba lotoleramo majumbo potsika. Mudzandilembere mbalame zimene mwaona, ndi mayina ake a Chichewa kapena Chiyao ngati agogo a kumeneko akuwakumbukirabe.